Ndinamukwatitsa pa Pepala

1

Anthu opusa sindinawakondepo, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene ndinagwira choko ndinakumana nawo ambiri. Ena anali makolo, ena aphunzitsi anzanga, wina anali ahedi athu. Ndikunena izi poyambirira kuti mudziwe mtundu wa mzimayi amene akukulankhulani. Amene mukufuna misozi pitani pa tsamba lina.

Mliri uja utabwera, sukulu anatseka miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndinkaphunzitsa kalasi yomaliza, yolemba mayeso. Tsiku lotsekera ndinali ndi atsikana makumi anayi ndi mmodzi. Tsiku lotsegulira ndinaima pakhomo la kalasi ndi ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo, n'kumawerenga mitu ikamalowa. Anyamata anabwera onse kupatula awiri, atanenepa, mawu atakula ngati achule. Atsikana ndinapeza makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Ndinawerenganso, koma sanachuluke.

Ahedi anandiitanira ku ofesi. Masiki anali atavala pachibwano ngati ndevu, monga mwa masiku onse, ndipo pepala anandikankhira ndi nsonga ya cholembera, ati kuopa matenda.

"Madamu, akuluakulu akufuna chifukwa cha mwana aliyense amene sanabwere. Muchonge m'mabokosimo."

Mabokosi anali asanu: ukwati, mimba, matenda, imfa, kusamuka.

"Nanga amene akugulitsa makala? Amene akulera ana a achemwali awo?"

"Bokosi lawo palibe. Ikani pamene pakuyandikira."

Pepalalo ndinaliphunzira msanga. Ukachonga imfa ankafuna kalata. Ukachonga matenda ankafuna buku la kuchipatala. Ukachonga kusamuka ankafuna dzina la sukulu yatsopano, ndipo ankaimbako foni. Ukwati wokha ndi umene sunkafuna umboni. Mtsikana akati wakwatiwa, aliyense amangopukusa mutu, n'kunena kuti "makolo a masiku ano," nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawa lake ndinabweza pepala nditachonga. Ahedi anayendetsa chala n'kuima pa nambala seventini.

"Aa! Kalembera nayenso wakwatiwa?"

"Wakwatiwa," ndinatero, osaphethira.

Kalembera linali dzina limene anzake anamupatsa chifukwa cha zilembo zake. Mwana ameneyo akalemba pa bolodi, umachita manyazi kufufuta. Anali woyamba m'kalasi zaka zitatu zotsatizana, mwana wa mayi wogulitsa tomato, bambo ake palibe amene ankawadziwa.

"Zachisoni," anatero ahedi, n'kuyasamula.

2

Chaka chimenecho anatitumizira kamphunzitsi katsopano, kongochoka ku koleji, nsapato zoyera, mtima wodzaza ndi zofuna kupulumutsa dziko. Ana anakatcha Madamu Wamng'ono. Ine ndinkangokayang'ana. Onse amabwera choncho, ndipo pakatha zaka ziwiri amakhala akugulitsa maswiti pa nthawi yopuma ngati tonsefe.

Mayina a olemba mayeso ankayenera kutumizidwa pofika Lachisanu lomaliza la mweziwo, lililonse ndi chithunzi chake. Dzina likaphonya tsiku limenelo, mwanayo mayeso salemba. Madamu Wamng'ono sanagone nazo tulo. Anandikakamiza kuti tiziyenda khomo ndi khomo tikaweruka, ndipo ndinavomera, chifukwa ndinkafuna kuti ndizisankha ndine makomo oti tigogode.

Zimene tinaona, abale! Pakhomo lina tinapeza mtsikana akuchapa mulu wa zovala, mchimwene wake ali gone pamkeka, foni kukhutu, ati akumvera maphunziro.

"Foni ndi imodzi, aphunzitsi," anatero mayi wa pakhomopo. "Ndiye tinati iyambe yamuthandiza wamwamunayu."

"Wamwamuna wanuyo anakhala nambala sikisite," ndinawauza. "Ngakhale mutamugulira mafoni khumi, mutu ndi womwewo. Mawa mwanayu ndimuone kusukulu."

Ndinkawazazira mpaka agalu kuthawa. Asanu ndinawabweza m'kalasi ndi pakamwa pangapa, ndipo mbiri yanga inamveka. Anatsala khumi.

"Madamu, tipite kwa Kalembera lero," anatero Madamu Wamng'ono tsiku lina. Mwanayo sanamuonepo, koma anali atapeza makope ake m'kabati, komanso ndandanda ya maphunziro imene analemba chaka chapitacho inali ikadali pakhoma. "Mwana wolemba chonchi sitingamusiye."

"Ndinapitako kale. Anamutengera kutali."

"Mwamuna wake ndi ndani?"

"Mukufuna mukamulande? Mwana wanga, phunzirani kaye kugwira choko. Za maukwati a eni muzisiye."

Kanatsitsa maso. Ndinaganiza kuti ndakathetsa.

3

Tsopano ndikulowetseni kunyumba kwanga, mbali ina ya tauni, maminibasi awiri kuchokera kusukulu, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo.

Mliri unagwira apongozi anga, mayi a amuna anga. Sunawaphe. Unawasiya ali gone, miyendo yosagwira, zonse akuchitira pamalo amodzi. Mayi amenewa anabereka ana aamuna anayi. Onse anayi anakumana pabalaza panga, atatalikirana bwinobwino monga ankanenera pa wailesi, n'kugwirizana kuti mayi awo akufunika dzanja la munthu wamkazi. Atatero anandiyang'ana ine, n'kumwa tiyi wanga, n'kumapita.

Mwezi woyamba ndinasamala ndekha. Kutembenuza, kusambitsa, kudyetsa phala ndi supuni, kuchapa nsalu zimene sindingazifotokoze m'magazini ya anthu aulemu. Amuna anga ankaima pakhomo la chipindacho, mpango pamphuno.

"Mayi, mwadzuka bwanji?" Akatero ntchito yawo yatha.

Wantchito sankapezeka, aliyense ankaopa nyumba imene munalowa matenda. Kenako ndinapeza mtsikana. Anali waukhondo, wosayankha mwano, wa manja ofewa moti apongozi ankakana kudya ndikawadyetsa ine. Kwa nthawi yoyamba ndinakhala pampando n'kumwa tiyi asanazizire.

Sukulu zitatsegulidwa, amuna anga anatsitsa nyuzipepala.

"Akazi anga, paja sukulu zatsegulidwa."

"Ndikudziwa. Ndimagwira komweko."

"Ndimati za mtsikanayu."

"Chabwino, bambo. Mawa apite. Inu mupemphe tchuthi kuntchito. Beseni lili kubafa, sopo ali pawindo, ndipo mayi anu amafuna kuwatembenuza pakangotha maola awiri aliwonse."

Nyuzipepala inakweranso pang'onopang'ono mpaka kuphimba nkhope. Bambo ameneyo sanayambitsenso nkhaniyo, ndipo lero akamauza anthu kuti iye ankandiletsa, ndimangoseka.

4

Lachisanu lija linafika. Wojambula anabwera ndi nsalu yake yabuluu, ana anafola, ahedi anadinda chidindo, mayina anapita. Madamu Wamng'ono analira m'chipinda cha aphunzitsi chifukwa cha atsikana khumi aja. Ine ndinadya nthochi zanga.

Tsiku lomwelo kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina loona za atsikana. Munatuluka mayi wa magalasi, wonunkhira mafuta odula, amene ankati "atsikana athu" ngati anaberekapo mmodzi. Anali atamva za mphunzitsi amene anabweza ana asanu. Anati Lachiwiri kudzakhala msonkhano pabwalo la sukulu, adzandipatsa satifiketi ya ulemu, ndipo ankafuna chipepala chachikulu cha mayina khumi otsalawo, aliyense pansi pa chifukwa chake, kuti adzajambule.

Zilembo zanga n'zoipa, zimaoneka ngati mwadutsa nkhuku. Choncho Loweruka masana ndinayala chipepalacho patebulo la kunyumba, n'kuitana mtsikana uja kuchokera kochapa.

"Kalembera! Pukuta m'manja, udzandilembere izi."

Eya, owerenga. Nambala seventini anali kuseri kwa nyumba yanga, akuchapa nsalu za apongozi anga.

Ndinamutenga mwezi wachiwiri wa mliri. Msika unali utatsekedwa, mayi ake analibe chogulitsa. Ndinapita ndekha ndi thumba la shuga, n'kuwauza kuti mwana wanzeru chonchi asakhale osawerenga, ndikamuphunzitsa kwathu. Mayiwo anagwada pansi pondithokoza. Sukulu zitatsegulidwa ndinawatumizira uthenga kuti ndamupezera malo pa sukulu yabwino kufupi ndi kwathu. Mwanayo ndinamuuza kuti kalasi ya mayeso idzayamba mochedwa, ndipo dzina lake ndikalembetsa ndekha. Ndinkadziuza kuti ndi sabata imodzi yokha, mpaka ndipeze wina. Winayo sindinamufunefune n'komwe.

Sindine wopusa. Ndinamukopera mayina asanu ndi anayi pa kapepala kena, lakelo ndinalisiya kuti ndidzaliwonjezere ndekha kusukulu. Ndinamupatsa zolembera, ine n'kukagona pang'ono.

Nditadzuka ndinapeza chipepala chatha. Mizere yowongoka, zilembo zoti ungazipsompsone. Pambali pake panali chikwama changa chotsekula, ndi pepala la mabokosi lija.

"Pamwamba munalemba kuti khumi, Madamu, koma mayina anali asanu ndi anayi. Ndiye ndinayang'ana lotsalalo."

Ndinayang'ana pansi pa mawu akuti Okwatiwa. Dzina lake linali pomwepo, lomaliza, lolembedwa bwino kuposa onse.

"Zithunzi anajambula kale, eti?"

"Dzulo."

Anatseka zolembera chimodzichimodzi, n'kuziika m'bokosi mwake. Sanalire. Ndikanakonda akanalira, chifukwa mwana wolira ndimadziwa pomugwira.

"Madamu, mwamuna wangayo ndi ndani?"

Apongozi anaitana kuchipinda. Mwanayo anadzuka n'kupita kukawatembenuza.

5

Munthu wanzeru akanang'amba chipepalacho. Ine ndinachipinda bwinobwino n'kupita nacho, chifukwa chinali chokongola, ndipo ndinkafuna chioneke bwino pa chithunzi.

Lachiwiri m'mawa Madamu Wamng'ono anandithandiza kuchikhoma pa bolodi pansi pa mtengo. Anabwerera m'mbuyo, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Walemba ndani, Madamu?"

"Mwana wa achemwali anga."

"Amalemba 'g' ngati wa pa ndandanda ya m'kalasi ija."

"Ndiye kuti 'g' ndi wa munthu mmodzi dziko lonse lino? Kaikeni mipando."

Chimene sindinadziwe n'chakuti kamtsikana kameneka kanali katalemba makalata khumi oitana makolo a ana onse a pa chipepalacho, n'kupatsira ana a m'kalasi kuti akapereke. Sikanandiuze. Kanati kakufuna kundidabwitsa.

Ndinawaona nditakhala kale kutsogolo, pakati pa ahedi ndi mayi wa magalasi. Mayi a Kalembera anali pa mzere wachiwiri, atavala diresi la kutchalitchi, nsapato zobwereka zikuwathina. Kuwerenga sadziwa. Kalata yochokera kusukulu kwa iwo inkatanthauza chinthu chimodzi, chimene inkatanthauza chaka chilichonse, kuti mwana wawo akulandira mphoto. Anandiona n'kundiweyulira dzanja, mano onse pamtunda.

Ndinalankhula, ndipo ndinalankhula bwino. Ndinati mliri sunasankhe, koma makolo ndi amene anasankha. Ndinati kholo lochotsa mwana wamkazi pasukulu ndi mbava yoba m'nyumba mwake momwe. Anthu anaomba m'manja. Mayi a Kalembera anaomba kuposa onse.

Kenako mayi wa magalasi anaimirira kuti awerenge mayina, ati tikhale chete powakumbukira, ngati anafa. Anawerenga oyembekezera. Anawerenga odwala. Anafika pa okwatiwa, n'kutsika mpaka dzina lomaliza.

"Mwati bwanji?" Mawu anachokera pa mzere wachiwiri.

Mayi wa magalasi anabwereza dzinalo, mokoma, mwachifundo.

"Wakwatiwa ndi ndani?"

"Mayi, khalani pansi," anatero ahedi. "Manyazi tikuwamvetsa."

"Manyazi a chiyani? Mwana wanga ali kwa aphunzitsi awo! Anadzamutenga okha ndi thumba la shuga. Aphunzitsi, tauzeni anthuwa. Si munati ali pa sukulu yabwino?"

Bwalo lonse linandiyang'ana. Wojambula wa bungwe, chitsiru cha munthu, anatembenuzira kamera kwa ine.

"Mayiwa asokonezeka," ndinatero.

Madamu Wamng'ono anadzuka. Analowa m'kalasi, n'kumatula ndandanda ija pakhoma, n'kudzaigwira pambali pa chipepalacho kuti aliyense aone. Ngakhale ahedi, amene sanazindikirepo kanthu moyo wawo wonse, anazindikira.

Mayi a Kalembera sanandimenye. Anavula nsapato zobwereka zija, n'kuzigwira m'manja, n'kubwera kudzaima patsogolo panga.

"Ndinakugwadirani, aphunzitsi," anatero. "Tiyeni mukandipatse mwana wanga."

6

Anandiimitsa ntchito sabata yomweyo. Aphunzitsi anzanga, amene theka la iwo ali ndi ana a abale awo kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, anandinyoza mpaka malovu kuuma. Paja anyani amasekana zikundu. Amuna anga anauza abale awo kuti iwo sankadziwa kuti mwanayo ndi wa sukulu. Beseni linabwerera kwa ine.

Koma mverani zimene anachita a galimoto yoyera. Bungwe lawo linali litapempha kuti atsikana amene lawapulumutsa alembetsedwe mayeso mochedwa, ndipo linaloledwa. Madamu Wamng'ono anathamangira komweko ndi makope a Kalembera. Mayi wa magalasi anawatsegula, anayamikira zilembo, n'kuwabweza.

"Thandizo lathu ndi la okwatiwa ndi oyembekezera. Uyu, monga tonse tinamvera, sanakwatiwe."

Amene anali ndi mimba analembetsedwa. Amene anachotsedwa kwa amuna analembetsedwa, ena oti ngakhale dzina lawo amalemba molakwitsa. Woyamba m'kalasi anatsala, chifukwa bokosi la wochapa nsalu za apongozi a mphunzitsi kulibe.

Patapita masiku anayi, masana dzuwa likuswa mtengo, wina anagogoda pageti. Ndinatsegula manja ali thovu lokhalokha. Anali Kalembera, atavala yunifolomu, atanyamula fomu ya bungwe lija. Anali ataidzaza kale. Pa funso lakuti anakwatiwa liti, anali atalemba mwezi umene ndinamutenga.

"Pakufunika mphunzitsi wa kalasi asayine kuti ndi zoona."

"Ukudziwa kuti si zoona."

"Munalemba kale kamodzi, Madamu. Ija inali yothandiza inu. Mundinamireko kamodzi kokha yothandiza ine."

Ndakhalapo ndi ana amwano, ondijambula pakhoma la chimbudzi, ondiikira minga pampando. Palibe amene anandivula ngati mwana ameneyu, ndipo anachita izi ataika manja kumbuyo mwaulemu.

Ndinapukuta m'manja n'kusayina. Anati zikomo. Asanatembenuke anafunsa ngati agogo akudya, n'kundiuza kuti phala amalikonda lozizirirako, ndiponso kuti ndiziyamba kuwatembenuzira kumanzere chifukwa phewa lakumanja limawapweteka.

Fomuyo inabwezedwa tsiku lotsatira. Anati siginecha ya mphunzitsi woimitsidwa ntchito ilibe mphamvu. Bodza langa loyamba linadutsa maofesi atatu popanda wofunsa. Bodza lachiwiri, lokhalo limene likanathandiza munthu, linagwidwa pakhomo.

7

Kalembera anati adzabwereza kalasi chaka chotsatira. Chaka chotsatiracho mayi ake anayamba kudwaladwala, ndipo benchi la tomato linafuna munthu. Chaka chinacho anali atatalika, anzake ali ku sekondale, ndipo anati sangakhale pa desiki limodzi ndi ana amene ankawabereka kumsana. Apongozi anga anamwalira. Ana awo anayi analira mokweza kumaliro, anthu mpaka kuwagwira.

Tsono inu owerenga, ndikukuonani mmene mwakwinyira nkhope. Ndinyozeni, ndikuyenera, ndipo pa luso lonyoza simungandipose. Koma mukatha, dzukani mukasuzumire kuseri kwa nyumba yanu. Amene akutsuka mapoto uko ndi mwana wa ndani? Munamutenga ndi mawu otani? Mliri sunagwire mtsikana aliyense pa dzanja kumuchotsa m'kalasi. Unangobweretsa ntchito yoti wina aigwire, odwala oti wina awasambitse, ndipo m'nyumba iliyonse anthu anayang'anayang'ana n'kuloza wamkazi. Kwathu analoza ine, ine n'kuloza mwana wa mayi wosadziwa kuwerenga. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita, ndipo tiyi ndinkamwa ndithu.

Masiku ano ndimagulitsa zovala zakale, ndipo msika wake ndi womwewo. Mukadzaona makatoni a mitengo olembedwa mwaluso pa mabenchi a tomato, a anyezi, ngakhale a makala, dziwani kuti dzanja lake ndi limodzi. Kalembera amalembera msika wonse. Ine ndimazungulira njira ya kunsomba kuti ndisadutsepo.

Mwezi wathawu ndinakumana naye maso ndi maso pa mpopi. Anali ndi mwana kumsana. Anakwatiwa chaka chatha ndi bambo wina wokonza njinga, wamkulu kwa iye ndi zaka khumi ndi zisanu.

"Madamu," anatero, akumwetulira pang'ono, "pepala lanu lija musakonzenso. Pano lili bwino."

Anasenza ndowa yake n'kumapita.